Kuyenda pa Njanji ya Cambrian ya M'mbali mwa Nyanja: Kuwerenga Ndandanda ndi Kupewa Kuponda Poletsedwa

Kumadzulo kwa dziko la Wales, ku Britain, kuli nthambi ya njanji ya Cambrian imene imapatuka pa siteshoni ya Dovey Junction, pafupi ndi tauni ya Machynlleth, n'kutsata gombe la nyanja kulowera kumpoto mpaka kukathera ku Pwllheli. Imadutsa ku Aberdovey, Tywyn, Fairbourne, Barmouth, Harlech, Porthmadog ndi Criccieth, ndipo pakati pa matauni amenewa pali timasiteshoni tating'ono topanda ofesi, topanda wogwira ntchito ngakhale mmodzi. Sitima zimayendetsedwa ndi kampani ya Transport for Wales, pamene njanjiyo, milatho ndi mipanda yake zili m'manja mwa Network Rail. Ngati ntchito, maphunziro kapena tchuthi zakufikitsani kudera limeneli, choyamba chimene ndikufuna muchisunge mumtima n'chakuti ndandanda ya nthawi imakuuzani ola loti mukhale pa pulatifomu, koma siikuuzani ola limene njanji ili yopanda sitima. Ambiri mwa amene amapezeka pakati pa njanji anasokoneza zinthu ziwirizi.

Yambani ndi kupeza ndandanda yolondola. Ku Britain ndandanda za sitima zimasinthidwa kawiri pa chaka, mu May ndi mu December, choncho pepala limene munajambula pa foni chaka chatha, kapena limene mnzanu anakutumizirani pa WhatsApp, likhoza kukhala kuti linatha ntchito kalekale. Onani masiku amene alembedwa pamwamba pake. Kenako onani ngati tsamba limene mukuwerengalo ndi la Lolemba mpaka Lachisanu, la Loweruka kapena la Lamlungu, chifukwa masambawa amasiyana. Mkati mwa sabata sitima imabwera pafupifupi kamodzi pa maola awiri alionse kulowera mbali imodzi, koma Lamlungu zimachepa kwambiri, makamaka nyengo yozizira, ndipo munthu woyenera kuyamba ntchito m'mawa tsiku limenelo ayenera kufufuza msanga ngati ilipo n'komwe sitima yomufikitsa pa nthawi yake. Nthawi zimalembedwa pa wotchi ya maola 24, kotero 14:20 ndi 2:20 masana, ndipo 20:05 ndi 8:05 usiku. Mzere umodzi wotsika pansi ndi ulendo wa sitima imodzi. Ikani chala pa dzina la siteshoni yanu, chiyendetseni kumanja kufikira mutapeza nthawi yokuyenerani, kenako tsikani kapena kwerani mumzere womwewo kuti muone nthawi yofikira kumene mukupita.

Pepala lokha silikwanira. Madzulo a tsiku loti mawa muyenda, ndiponso musanatuluke m'nyumba, onaninso ulendo wanu pa intaneti kudzera ku National Rail Enquiries kapena pa pulogalamu ya pa foni ya Transport for Wales. Njanji imeneyi imayenda pafupi kwambiri ndi madzi, moti mkuntho ukakumana ndi mafunde aakulu, miyala ndi mchenga zimaponyedwa pamwamba pake. Mu January 2014 mafunde anagumula khoma lotchinga nyanja ku Llanaber, kumpoto kwa Barmouth, ndipo sitima sizinadutsepo kwa miyezi ingapo. Ntchito yokonzanso mlatho wa Barmouth, umene unatsegulidwa mu 1867 ndipo mbali yake yaikulu ndi yamatabwa, inachititsanso kuti njanji izitsekedwa kwa masabata ambiri m'zaka za 2020 mpaka 2023. Zikatero pamaikidwa mabasi olowa m'malo mwa sitima, ndipo malo amene basiyo imaima sakhala nthawi zonse pakhomo pa siteshoni, chifukwa masiteshoni ena ali kutali ndi msewu waukulu. Werengani chikwangwani cha pa siteshoni chosonyeza poima basi, tsiku limene simunachifune, kuti tsiku lochifuna musadzasowe kolowera.

Ngati mukuchokera ku Birmingham kapena ku Shrewsbury, dziwani kuti sitima zambiri zimagawidwa pawiri pa Machynlleth: mabogi ena amapita ku Aberystwyth, ena n'kulowera kugombe la kumpoto mpaka ku Pwllheli. Musadalire kuwerenga nokha kuti kutsogolo n'kuti, popeza sitimayo imasintha mbali yolowera ikafika pa Shrewsbury, ndipo bogi imene inali kutsogolo imakhala kumbuyo. Safunsa anadya phula. Mufunseni kondakitala pamene akuona tikiti yanu.

Tsopano nkhani ya masiteshoni oima popempha, imene imasowetsa mtendere alendo ambiri. Pa ndandanda mudzaona chilembo cha x pambali pa nthawi ya masiteshoni monga Tonfanau, Llanaber, Llandanwg, Tygwyn ndi Abererch. Chilembochi chikutanthauza kuti sitima siima pamenepo pokhapokha wina atapempha. Mukakhala m'sitima, muuzeni kondakitala mutangokwera kumene mukutsikira, osati sitima itayandikira kale, chifukwa iye ayenera kudziwitsa woyendetsa nthawi ikanalipo. Mayina a Chiwelshi ndi ovuta pa lilime la mlendo, choncho palibe chamanyazi kumuonetsa dzinalo pa tikiti kapena pa foni. Mufunsenso khomo loti mutulukire, popeza mapulatifomu ena ndi aafupi kuposa sitima ndipo pamatsegulidwa khomo limodzi lokha. Mukakhala pa pulatifomu, imani poonekera koma kutali ndi m'mphepete, ndipo sitima ikatulukira kwezani dzanja moonekeratu monga momwe timaimitsira minibasi kwathu. Munthu wobisala mvula m'kanyumba kodikiriramo mpaka sitima itafika pafupi amasiyidwa, ndipo yotsatira ili maola awiri kutsogolo. Fikani mphindi zingapo nthawi isanakwane.

Maola awiri amenewa ndiwo gwero la vuto lachiwiri. Munthu akasiyidwa ndi sitima, kapena akaona kuti gombe lili tsidya lina la njanji pamene powolokera povomerezeka pali patali, mtima umamuuza kuti adule njira. Amawerengera kuti sitima yangodutsa kumene, ndiye kuti njanji ili phee mpaka ola lakutilakuti. Ife amene tinakulira kufupi ndi njanji ya ku Limbe, ku Balaka kapena ku Salima tili pangozi yaikulu ya kuganiza motere, chifukwa kwathu njanji tinaizolowera ngati msewu wapansi wopita kumsika kapena kusukulu. Kuno chizolowezi chimenecho ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000. Kwa munthu amene ali pa chitupa chogwirira ntchito, kukhala ndi mbiri ya mlandu n'chinthu choti asachiyandikire n'komwe.

Kuwerengera kotero n'kolakwika pa zifukwa zimene aliyense angathe kuzitsimikiza. Njanji iyi ndi ya mzere umodzi, ndipo sitima zolowera kumpoto ndi zolowera kum'mwera zimagwiritsa ntchito zitsulo zomwezo, n'kumapatukirana pa malo ochepa okha monga Tywyn, Barmouth, Harlech ndi Porthmadog. Sitima imene yangokudutsani ikhoza kukhala kuti ikukakumana ndi inzake pa siteshoni yapafupi, ndipo inzakeyo ikubwera kumene muli inu, kuchokera mbali imene simukuyang'anako. Sitima yochedwa imafika pa nthawi imene ndandanda ikusonyeza kuti palibe kanthu. Palinso sitima zoyendera ndi kukonza njanji, komanso zina zapadera, zimene sizilembedwa pa ndandanda ya apaulendo ndipo zimayenda nthawi iliyonse, usana ndi usiku. Kuonjezera apo, makutu sangakuthandizeni monga mukuganizira, pakuti mphepo ya kunyanja ndi phokoso la mafunde zimameza kulira kwa injini, ndipo njanjiyi ili ndi makona ambiri amene amabisa sitima kuseri kwa matanthwe ndi milu ya mchenga. Woyendetsa akakuonani sangakhote, ndipo chitsulo pa chitsulo chimatsetsereka mamita mazanamazana chisanaime.

Kusaona nyali za m'mbali mwa njanji kusakunyengeninso. Pa njanji ya Cambrian palibe nyali zofiira ndi zobiriwira zolamulira sitima monga zimene mumaona kwina, chifukwa kuyambira 2011 malangizo amafika pa kompyuta ya m'chipinda cha woyendetsa kuchokera kwa olamulira amene ali ku Machynlleth. Munthu woima panja alibe chizindikiro choti angawerengepo kuti sitima ili pati.

Choyenera kuchita n'chosavuta. Musananyamuke kupita kugombe, pezani pa mapu malo owolokera ovomerezeka amene ali pafupi, ndipo konzani ulendo wanu mozungulira malo amenewo, ngakhale zitatanthauza kuyenda mphindi khumi zoonjezera. Njira yoyenda pansi ya Wales Coast Path imadutsa njanji m'malo angapo, ndipo pamene imadutsapo pali geti kapena timasitepe tokwerera mpanda, pamodzi ndi chikwangwani cholembedwa m'Chiwelshi ndi m'Chingerezi. Mukafika pamenepo imani kaye musanatsegule geti, chotsani zomvera nyimbo m'makutu, ikani foni m'thumba, yang'anani mbali zonse ziwiri ndipo mvetserani. Mukamva hutala, dikirani mpaka sitima itadutsa ndipo muyang'anenso. Ngati pali nyali yaing'ono yofiira ndi yobiriwira ya oyenda pansi, wolokani pokhapokha yobiriwira ikuyaka. Wolokani molunjika, osaima pakati, ana muwagwire dzanja ndipo galu akhale pachingwe. Mukakhala pagulu, aliyense aziyang'ana yekha, chifukwa wachisanu pamzere amene akungotsata msana wa mnzake ndiye amapezedwa ndi sitima. Tsekani geti mukadutsa, popeza nkhosa yolowa pa njanji imaimitsa sitima chimodzimodzi ndi munthu.

Pali malo ena owolokera a m'mafamu ndi m'misewu yopita kumisasa ya tchuthi, amene mageti ake amatsegulidwa ndi wowoloka mwiniyo. Ngati muli pagalimoto ndipo pali telefoni pambali pa geti, imbani kaye kwa wolamulira njanji, nenani chimene mukuwolotsa, ndipo dikirani chilolezo chake. Tsegulani mageti onse awiri musanalowetse galimoto, kuti musaime pakati pa njanji kukalimbana ndi geti la kutsidya. Mukawoloka atsekeni onse, ndipo ngati wolamulirayo anakuuzani kuti muimbenso, imbaninso, chifukwa iye amatha kuchepetsa liwiro la sitima kufikira atamva kuti mwachoka.

Za zithunzi ndinenepo mosabisa, chifukwa dera ili ndi lokongola ndipo chiyeso chilipo. Network Rail yakhala ikutulutsa zithunzi za makamera ake zosonyeza anthu ataima, atakhala pansi ndiponso akujambula ana pakati pa njanji pa malo owolokera a kufupi ndi Harlech. Malo owolokera ndi odutsapo, si oimapo, ndipo kuimapo kuti mujambule n'kuphwanya lamulo ngakhale munalowa pa geti lovomerezeka. Amene akufuna chithunzi cha njanji ndi nyanja apite pa mlatho wa Barmouth, umene uli ndi kanjira ka oyenda pansi ndi apanjinga kopatulidwa ndi mpanda, kuchokera ku Barmouth kukafika ku Morfa Mawddach. Pamenepo sitima imakudutsani pafupi inu muli pamalo otetezeka. Oyenda mumchenga aonenso nthawi imene madzi a nyanja akwere tsiku limenelo, chifukwa m'malo amene njanji imayenda pamwamba pa khoma lotchinga mafunde, munthu wotsekeredwa ndi madzi amayesedwa kukwera khomalo n'kuthawira pa njanji.

Wodula njira amaganiza kuti ngati pali ngozi ndi yake yokha, koma pa njanji ya mzere umodzi sizikhala choncho. Woyendetsa akanena kuti waona munthu pa njanji, sitima zimalamulidwa kuyenda pang'onopang'ono kapena kuima kufikira malowo atayenderedwa. Sitima yochedwayo imadikiritsa inzake pa malo opatukirana, inzakeyo n'kuchedwa kufika ku Machynlleth kumene iyenera kulumikizidwa ndi ya ku Aberystwyth, ndipo kuchedwako kumafika mpaka ku Shrewsbury ndi ku Birmingham. M'sitima zimenezo muli ana a sukulu za sekondale za ku Harlech ndi ku Tywyn amene amadalira njanjiyi tsiku ndi tsiku, muli odwala opita kukaonana ndi dokotala, muli anzanu othamangira kukalandira ntchito kwa amene agwira usiku wonse. Mulinso woyendetsa, amene amapita kunyumba ndi chithunzi cha munthu amene anatsala pang'ono kumugunda.

Mukagwetsa foni kapena chikwama pa njanji muli pa pulatifomu, musatsikeko. Dziwitsani kondakitala wa sitima yotsatira kapena gwiritsani ntchito batani lopemphera thandizo ngati lilipo pa siteshonipo. Mukaona munthu kapena ana akuyenda pa njanji, musawatsatire. Ngati moyo uli pangozi nthawi yomweyo imbani 999, ndipo ngati si zadzidzidzi tumizani uthenga wa pa foni kwa apolisi a njanji, British Transport Police, pa nambala ya 61016, mukutchula siteshoni yapafupi ndi mbali imene anthuwo alowera. Mpanda wothyoka kapena geti losatseka muzinene ku Network Rail pa 03457 11 41 41. Ndipo ngati sitima yanu yafika mochedwa ndi mphindi 15 kapena kuposerapo, sungani tikiti yanu, lembani nthawi imene munayenera kufika ndi imene mwafikira, n'kupempha chipukuta misozi kudzera mu ndondomeko ya Delay Repay pa tsamba la Transport for Wales pasanathe masiku 28.