Momwe mungapezere malo okonzera pulopela ya ndege yaing'ono muli kuno ku Chipata

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo m'chigwa cha Luangwa, pamene ndege ya Cessna 206 inatera pa kabwalo kafumbi komwe tinkaidikirira. Injini itazima, woyendetsa anatsika n'kuyamba kusisita tsamba lililonse la pulopela ndi chala. Pa tsamba lachiwiri chikhadabo chinakodwa. Panali kabala kakang'ono ngati njere ya mapira, komwe mwala unamenya. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, iyi sinyamukanso mpaka injiniya aione."

Anthu ena amene analipo anadabwa kuti kabala kotereka n'kuimitsa ulendo. Koma pulopela ya ndege ngati imeneyi imazungulira ka 2,700 pa mphindi imodzi ponyamuka, ndipo tsamba lililonse limakokedwa kuchokera patsinde ndi mphamvu yoposa matani 10. Mng'alu umayambira pa kabala komweko. Nsonga ikathyoka m'mwamba, injini imagwedezeka koopsa moti ikhoza kuzuka pamene inamangidwa, woyendetsa asanakwanitse n'komwe kuizimitsa.

Ine ndimathandiza eni ndege zazing'ono pa za mapepala ndi kutumiza zipangizo, ndipo funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti pulopela tiipititse kuti. Kuno ku Chipata kulibe malo ochitira ntchito imeneyi. Kuli amisiri aluso, inde. Bambo wina wowotcherera ku Kapata, amene amakonza ngolo ndi mageti mwaudongo, anandiuzapo ndi mtima wabwino kuti, "Bwana, bweretsani tiwongole, n'chitsulo basi." Ndimawalemekeza bambo amenewa, koma tsamba la pulopela siliwotchereredwa ndipo siliwongoledwa ndi nyundo. Moto umafooketsa aluminiyamu mkati, kunja kukuoneka bwinobwino. Choncho ulendo wake ndi wautali, ndipo umayambira m'buku.

Choyamba, dziwani chimene muli nacho

Tsegulani logbook ya pulopela, buku lolembamo mbiri yake. Lembani dzina la kampani imene inaipanga, model, serial number ya hub, ndiye mutu umene masamba amalowamo, komanso manambala a tsamba lililonse. Lembaninso maola amene yauluka ndi tsiku limene inachitidwa overhaul komaliza, ndiko kuiphwasula yonse n'kuikonzanso. Pa ndege zimene timaziona kuno mupeza kwambiri Hartzell ndi McCauley za ku America, nthawi zina MT-Propeller ya ku Germany, ndi Sensenich pa tindege tating'ono ta pulopela yosasintha kapendekedwe ka masamba.

Kampani iliyonse inaika malire ake. Mapulopela ambiri a ndege za injini ya mapisitoni amafunika overhaul akakwanitsa maola apakati pa 2,000 ndi 2,400, kapena miyezi 60 mpaka 72, malingana ndi chimene chayamba kukwana. Nambala yeniyeni ya model yanu ili m'makalata a kampaniyo: mwachitsanzo, ya Hartzell ili mu Service Letter HC-SL-61-61Y. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amawerenga maola okha n'kumati, "Yangouluka maola 700, ikadali yatsopano." Koma ndege imene imangokhala kuyambira Disembala mpaka Malichi, m'chinyontho cha ku Mfuwe, imadyedwa ndi dzimbiri mkati mwa hub momwe diso silifika. Mphira zotsekera mafuta nazo zimauma. Zaka zimawononga pulopela imene siuluka kuposa imene imauluka tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, ntchito yake ndi iti?

Si vuto lililonse lofuna kuti pulopela ichoke pa ndege. Kabala ka mwala, ngati sikanapitirire muyezo umene kampani inalola, injiniya wa chiphaso amakasalaza ndi tupa pamalo pomwepo, n'kupakapo mankhwala oteteza dzimbiri ndi penti. Ya tsiku lija inatha choncho, injiniya atabwera kuchokera ku Lusaka.

Mukaona girizi kapena mafuta akutuluka patsinde pa tsamba n'kumamwazikira pagalasi lakutsogolo, imeneyo ndi nkhani ina. Mapulopela ena a McCauley amathiridwa mafuta ofiira mwadala, kuti hub ikang'aluka kapena mphira ikatha, kufiirako kuonekere msanga. Musapukute n'kuiwala.

Ndiye pali kumenyetsa pulopela pansi, pachulu, pachitsa kapena panyama imene yadutsa pabwalo. Zikatero musaganize za pulopela yokha. Lycoming ndi Continental, makampani opanga injini, onse amalamula kuti injini iunikidwe mkati pulopela ikamenya chinthu; lamulo la Lycoming lili mu Service Bulletin 533. Pa tindege ta injini ya Rotax, giyabokisi nayo imaunikidwa. Nenani zoona zonse kwa okonzawo. Mwini ndege amene amabisa kuti pulopela inagunda pansi amaika moyo wa woyendetsa wake pachiswe.

Chachitatu, yambirani ku Lusaka

Ndege ikakhala ndi nambala yoyamba ndi 9J, ili pansi pa ulamuliro wa Zambia Civil Aviation Authority, ndipo ntchito iliyonse pa iyo iyenera kudzera ku kampani yovomerezeka yokonza ndege, imene onse amangoitchula kuti AMO. Imbirani AMO imene imasamalira ndege yanu. Afunseni ngati chilolezo chawo chimawalola kuchita overhaul ya pulopela, kapena kungoichotsa ndi kuimanganso. Zimenezi ndi zilolezo ziwiri zosiyana. Kampani ikhoza kukhala yodziwa kwambiri injini ndi thupi la ndege koma yopanda zida zophwasulira hub.

Ngati iwo sachita, akuuzani kumene amatumiza. Mapulopela ambiri a m'chigawo chino cha Africa amapita ku South Africa, komwe mashopu a ndege adzaza pa mabwalo ngati Wonderboom ku Pretoria, Lanseria ndi Rand. Ena amapita ku Wilson Airport ku Nairobi. Lowaninso pa intaneti pa tsamba la kampani imene inapanga pulopela yanu. Amaikapo mndandanda wa malo amene iwo eni amawavomereza. Dzina limene lapezeka pamndandandawo komanso latchulidwa ndi injiniya wanu, limenelo liikeni patsogolo.

Lilongwe ili pafupi nafe kuposa Lusaka, kungodutsa pa Mwami, ndipo ena amafunsa ngati sangayambire kumeneko. Kuyandikira si chifukwa chokwanira. Funso ndi limodzi kulikonse kumene mungapite: kodi pepala limene adzapereke lidzalandiridwa ndi akuluakulu a zandege a ku Zambia? Lembani kalata ku Civil Aviation Authority, kapena AMO yanu ifunse m'malo mwanu, pulopela isanachoke, ndipo yankho lake lisungeni.

Chachinayi, mafunso ofunsa okonzawo

Apa musachite manyazi, ngakhale mukulankhula ndi mzungu wa imvi amene wagwira ntchitoyi zaka 30. Wodziwa ntchito amakondwera ndi mafunso.

Pemphani kope la chiphaso chawo ndi mndandanda wa mitundu ya mapulopela imene amaloledwa kukonza. Fufuzani model yanu ndi maso anu. Onaninso tsiku limene chiphasocho chikutha. Funsani ngati ali ndi buku la overhaul la kampaniyo limene likugwira ntchito panopa, pakuti mabukuwa amasinthidwa kawirikawiri, ndiponso ngati adzaona malamulo onse okakamiza, ma AD, okhudza serial number yanu.

Kenako afunseni kuti akufotokozereni zimene adzachite. Overhaul yeniyeni imatere: amaphwasula zonse, amachotsa penti, amatsuka, n'kuyeza m'lifupi ndi kuchindikala kwa tsamba lililonse pamalo angapo. Amafufuza ming'alu yosaoneka ndi maso, pa aluminiyamu pogwiritsa ntchito mankhwala olowerera amene amawala pa nyali yapadera komanso makina a eddy current, pa zitsulo pogwiritsa ntchito maginito. Amasintha mphira zonse ndi tizipangizo tina timene buku limalamula, amaika masamba pa kapendekedwe koyenera, amapenta, n'kuiika pa sikelo kuti mbali zonse zilemere mofanana. Munthu akangokuuzani kuti "tiitsuka, tiipenta, ikhala ngati yatsopano," ameneyo akukugulitsani penti.

Musaiwale gavana, kachipangizo kamene kamalamulira mafuta osinthira kapendekedwe ka masamba. Nako kali ndi nthawi yake. Ngati kayandikira, katumizeni limodzi kuti mulipire ulendo umodzi.

Funso lomaliza ndi la pepala lotulutsira ntchito. Ku America limatchedwa FAA Form 8130-3, ku Ulaya EASA Form 1, ndipo maiko ena ali ndi awo. Ine nkhani imeneyi inandipweteka. Chaka china tinatumiza pulopela kunja, kushopu imene mnzathu anatiuza kuti ndi yotchipa. Inabwera yonyezimira, nsonga zopentedwa bwino. Injiniya atatsegula envulopu, anapeza kuti nambala ya tsamba limodzi sikugwirizana ndi imene yalembedwa papepala. Analisintha tsambalo osalemba kumene linachokera. Injiniya uja anakana kuimanga, ndipo anachita bwino. Ndege inakhala pansi mwezi wa Juni, alendo atayamba kale kufika ku South Luangwa, ife tikulemberana makalata ndi anthu osayankha foni. Ndalama zimene tinapulumutsa zinathera pa kubwereka ndege ya eni.

Chachisanu, mtengo

Mtengo adzakuuzani m'marandi kapena m'madola, ndipo woyambawo si womaliza. Sangadziwe zam'kati asanatsegule. Tsamba limene lasalazidwa kambirimbiri pa mabwalo athu a miyala likhoza kupezeka kuti lapyapyala kupitirira muyezo, ndipo lotero limatayidwa. Hub ya dzimbiri lakuya nayonso chimodzimodzi. Gwirizanani polemba kuti akatsegula akutumizireni lipoti ndi zithunzi, ndipo asagule kanthu musanavomere. Pemphani kuti zimene azikana akubwezereni kapena aziwononge inu mutadziwa, kuti zisakapezeke pa ndege ya munthu wina. Masamba awiri akakanidwa, funsani mtengo wa pulopela ina yokonzedwa kale kapena yatsopano, muyerekeze.

Chachisanu ndi chimodzi, ulendo wake

Pulopela ya masamba atatu ya 206 imatalika pafupifupi mamita awiri ndipo imalemera makilogalamu oposa 30. Aichotse ndi injiniya, osati anyamata a pabwalo. Mpatseni kalipentala miyezo akhome bokosi lamatabwa lolimba, momwe hub idzamangidwe ndi mabawuti pathabwa lapansi, masamba ali lende osakhudza kanthu, nsonga zitakulungidwa. Jambulani zithunzi za tsamba lililonse ndi manambala onse musanatseke. Logbook ipite nayo, koma inu mutsale ndi makope a masamba ake onse.

Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndipo amene anadutsapo m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa akudziwa mmene katundu amagubudukira. Musaikweze pa basi pamodzi ndi matumba a mtedza. Pezani galimoto imene bokosilo ligone pansi lomangidwa, ndipo lipirani inshuwalansi ya paulendo.

Potuluka m'dziko, uzani kampani yokuchitirani za kasitomu kuti katunduyu akupita kukakonzedwa ndipo adzabwerera, kuti a bungwe la misonkho la ZRA alembe choncho pamodzi ndi serial number. Mukalakwitsa pamenepa, pobwera adzaiona ngati katundu watsopano amene mwagula kunja.

Nthawi yabwino yotumizira ndi yamvula, pamene misasa yambiri ya m'tchire yatsekedwa ndipo ndege zili ndi ntchito yochepa. Koma kumbukirani kuti makampani ambiri a ku South Africa amatseka kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Sungitsani malo mu Okutobala, pulopela inyamuke kumapeto kwa Novembala kapena Januwale akangotsegula.

Ikabwera

Musanasaine, tsegulani bokosi, yerekezani manambala ndi zithunzi zanu komanso ndi pepala. Injiniya aimange ndi sipanala yoyezera mphamvu, amange waya wotsekera mabawuti, n'kuyeza ngati nsonga zonse zikudutsa pamzere umodzi. Pemphani kuti achitenso dynamic balance, ndiko kuyeza ndi kuchepetsa kugwedera injini ikulira. Ambiri amafuna kuti kugwedera kutsike pansi pa 0.2 pa muyezo wake wotchedwa IPS, ndipo woyendetsa amamva kusiyana kwake m'mapazi. Ngati pulopela yanu ndi yathabwa, mabawuti ake aziyezedwanso nyengo ikasintha, chifukwa thabwa limafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe. Zonse zilembedwe mu logbook ndi siginecha ya injiniya.

Ndipo aliyense amene amayandikira ndege, mlonda ngakhale wonyamula zikwama, auzidwe kuti pulopela siigwiridwa mwachisawawa. Waya umodzi wa magineto, chipangizo chopereka moto woyatsira injini, ukaduka, injini ikhoza kulira munthu atangoipotoza ndi dzanja.

Pa kabwalo kaja ka m'chigwa, masiku ano pamakhala tsache pansi pa mtengo wa mthunzi. Ndege isanalize injini, mnyamata amasesa miyala patsogolo pake, ndipo woyendetsa amayamba wayendetsa ndege pang'onopang'ono asanaipatse moto wonse, kuti pulopela isayamwe miyala ili chiimire.