Mmene mungakonzere pakhomo kuti mwana wokwawa asavulale

Mwana akangoyamba kukwawa basi nyumba yonse yasanduka yake, chilichonse wagwira chimathera mkamwa. Wanga wachiwiri anatsala pang'ono kumwa palafini kuno ku Ulongwe, ndinamulanda botolo lili kale pamlomo ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandigunda. Nde ndati ndikuuzeniko zomwe ndinasintha kuchokera tsiku limenelo.

Yambani ndi kugwada pansi. Eee gwadani ndithu, muone zomwe maso ake amaona, kunsi kwa bedi, kuseri kwa matumba a chimanga, pakona pomwe bambo ake amatchajira foni. Mupeza ndalama zachitsulo, misomali, njere za mtedza, timabatire ta wotchi tija. Tolani zonse. Kabatire ako mwana akameza kamawotcha kummero m'maola ochepa chabe, kameneko nkothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Chachiwiri mabotolo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mpomwe ambirife timalakwitsa. Tinazolowera kuthira palafini, petulo wa njinga yamoto kapena mankhwala opopera mbatatesi ndi fodya mu botolo la Frozy kapena Fanta, koma mwana sawerenga, iyeyo akungoona chakumwa chomwe munamugulira kumsika dzana, makamaka kotentha ngati ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete komwe ludzu silichoka pakhosi. Mankhwala asiyeni momwe munagulira, muike pamwamba poti olo atakwera mpando safikapo, kapena mubokosi lokhoma ndi loko. A makoswe, a anankafumbwe, Coartem, ma ARV, timapiritsi toonjezera magazi ta kusikelo tooneka ngati maswiti tija, zonsezi chimodzimodzi, osati kunsi kwa pilo ayi. Akamwa palafini chonde musamusanzitse, kusanzako nkomwe kumalowetsa palafini m'mapapo mwana nkudwala chibayo. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo lomwelo kuti akaone chomwe wamwa.

Kenako moto. Kuno ku Angonia ndi Tsangano June ndi July kumazizira zedi nde tonse timaunjikana pa mbaula. Iikeni pakona, chogwirira poto chiloze kukhoma. Pokonza madzi osamba yambani kuthira ozizira mu beseni otentha pambuyo, ana ambiri amapsa mayi atasiya otentha okhaokha nkupita kukatunga ozizirawo. Tiyi kapena phala lamoto musamwe mwana ali pamiyendo. Ndipo osagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, mpweya wake suoneka komanso sununkha koma umapha. Akapsa thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapaka Colgate, dzira kaya mafuta ophikira ngakhale agogo atakakamiza bwanji, mukatha kuthira madziwo phimbani ndi nsalu yoyera nkupita kuchipatala.

Madzi nawo musawaderere. Mwana mutu umamulemera, akagwera chamutu mu ndowa satha kudzuka ndipo simumva kulira kulikonse. Mukatha kuchapa tayani madziwo, mgolo ndi chitsime zikhale ndi chivundikiro cholemera, maenje oumbira njerwa aja kwirirani mvula isanayambe, pa chimbudzi paikidwe chotsekera.

Amene muli ndi magetsi a EDM, waya wong'ambika sinthani, osangomanga ndi pulasitiki, ndipo tchaja muzizule mukatha ntchito chifukwa ana amakonda kuyamwa kumapeto kwakeko. Mipeni, lezala ndi zikwanje tsomekani pamwamba.

Chomaliza ndi womusiyira mwana mukamapita kudimba kapena kuchigayo. Mkulu wake wa zaka 6 nayenso ndi mwana, anzake akangomuitana ku fulaye waiwala zonse. Pemphani anebala kapena apongozi, ndipo muwaonetse pomwe mwaika mankhwala ndi machesi musanachoke.