Momwe mungaonere mbalame zochokera kutali pa dambo la Elephant Marsh

Madzi a Shire akamaphwa mu Seputembala, matope ndi zilumba za mchenga zimaonekera m'dambo la Elephant Marsh, pakati pa Chikwawa ndi Nsanje. Apa ndi pamene mbalame zothawa chisanu ku Ulaya ndi kumpoto kwa Russia zimafika, n'kukhala nafe mpaka Malichi kapena Epulo. Dambo limeneli linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, mu 2017, kutsatira nyanja ya Chilwa, koma ambirife timangolidziwa ndi nsomba ndi nyika.

Choyamba, pezani msodzi wa bwato kudakali tsiku limodzi. Mukafika pa doko, kaya ndi mbali ya Bangula kaya ya Makhanga, perekani moni kaye, kenako funsani: "Bambo, mungatiperekeze mawa kumene kwauma mchenga?" Gwirizanani mtengo musanakwere. Musayerekeze kulowa nokha. Iyeyo ndi amene akudziwa pamene pagona mvuu, pamene ng'ona zimaothera dzuwa, ndi njira imene namasupuni watseka.

Nyamukani kusanache, cha m'ma 5 koloko. Ikamakwana 9 dzuwa la kuchigwa kuno limakhala litakalipa kale, ndipo mu Okutobala limapitirira madigiri 40. Tengani madzi akumwa, chipewa, kope ndi pensulo. Valani zosawala. Ngati muli ndi mabainokyula ndi bwino, ngati mulibe bwerekani.

Mukafika, pemphani wopalasa aimike bwato dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo khalani chete mphindi 20. Maso adzathamangira kwa nkhwazi, akakowa ndi atsekwe. Amenewo ndi eni mudzi, aonereni tsiku lina. Alendo enieniwo ndi timbalame totuwa timene timayenda m'malire a madzi ndi matope, ndipo n'timeneti timandikoka mtima.

Pa kambalame kalikonse yang'anani zinthu zitatu: miyendo, mlomo ndi kayendedwe. Kamene kamagwedeza kumbuyo kosalekeza, kenako n'kuuluka chapansipansi mapiko ali chikhotere, ndi common sandpiper. Mukaonetsetsa mupeza kuyera kwa pamimba kutakwera ngati kamzere kosongoka kutsogolo kwa phiko. Yaitali, ya miyendo yobiriwirako ndi mlomo wopindikira m'mwamba pang'ono, ndi greenshank. Ikadzidzimuka imalira katatu, "tyu-tyu-tyu", ndipo mukaimva kamodzi simuiwala. Ya miyendo yachikasu ndi timadontho kumsana ndi wood sandpiper. Nanga kakang'onong'ono kwambiri, kofanana msinkhu ndi mpheta, kojompha matope mofulumira ngati makina osokera? Ndi little stint. Kamaswana kumtunda kwenikweni kwa dziko, ku Arctic, ndipo ulendo wonsewo kamauyenda ndi mapiko osaposa chikhatho chanu. Ine ndikakaona ndimasowa chonena.

Palinso African skimmer, yakuda kumsana, yoyera kumimba, mlomo wofiira. Mlomo wake wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba, ndipo imauluka ikung'amba nawo madzi kusaka tinsomba. Iyi njosowa, ndipo imaikira mazira pamchenga penipeni m'chilimwe. Mukaona zikuzungulira pamwamba panu zikulira, bwererani msanga ndipo musatsike m'bwato. Kholo likachoka pachisa kanthawi kochepa chabe, mazira amapsa ndi dzuwa.

Lembani zonse pomwepo, osati mukafika kunyumba: tsiku, nthawi, malo, chiwerengero. Imene yakuvutani ijambuleni ndi foni, ngakhale chithunzi chisaoneke bwino, muifufuze pa pulogalamu ya pafoni yozindikirira mbalame ya Merlin Bird ID mukapeza netiweki. Funsaninso wopalasa dzina limene amaitchula m'Chisena kapena m'Chimang'anja, mulembe pambali. Mndandandawo muutumize pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene anthu aona, kapena mugawane ndi a bungwe loteteza nyama ndi zachilengedwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM).

Ngati msewu ulola mvula ikatha, mudzabwerenso kumapeto kwa Malichi. Alendo ena, ma white-winged tern, amene mu Okutobala amakhala otuwa, mudzawapeza akuyamba kuda bii thupi, mapiko ndi mchira zili mbee, akukonzekera ulendo wobwerera kumpoto.