Mmene Mungalekere Kuchedwa Kugona Pamene Thupi Latopa Kale

Nthawi yakwana 11 koloko usiku, ntchito za tsikulo zatha, m'nyumba muli zii, ndipo zikope zikulemera moti mwayasamula kale kangapo. Palibe chokuletsani kulowa m'zofunda. Komabe mudakali pampando, foni ili m'manja, chala chikukankha kanema wina pambuyo pa mnzake, uku mukudziuza chamumtima kuti uyu yekha ndiye womaliza. Podzazindikira, 1 koloko yadutsa kale, ndipo alamu ilira pakangotha maola anayi kapena asanu. M'mawa mumadzuka thupi lili lefu, n'kulumbira kuti lero lokha mugona msanga, koma kukada zomwezo zimabwereranso.

Ofufuza amalidziwa bwino khalidweli. Mu 2014, Floor Kroese ndi anzake a ku yunivesite ya Utrecht, m'dziko la Netherlands, analifotokoza ngati mtundu wa kuzengereza, kutanthauza kuti munthu amagona mochedwa kuposa nthawi imene iye mwini anakonza, popanda chinthu chapadera chomukakamiza. Mayi amene akutonthoza khanda kapena munthu wogwira ntchito ya usiku sali m'gulu limeneli. Khalidweli n'losiyananso ndi matenda osowa tulo, chifukwa wosowa tulo amakagona pa nthawi yake koma tulo osabwera, pamene wozengerezayo tulo tamugwira kale koma sakunyamuka pampando.

Poyambira pake ndi kudziwa chimene maola a usikuwo akukupatsani, pakuti munthu sakakamira chinthu chomupweteka ngati sakupezapo kenakake. Ku China, kumene ogwira ntchito m'makampani ena amalowa 9 koloko m'mawa n'kuweruka 9 koloko usiku masiku 6 pa mlungu, anthu anayamba kulitchula khalidweli kuti kuchezera kobwezera, ndipo mawuwa anafalikira m'mayiko ena mu 2020 mtolankhani Daphne K. Lee atawalemba pa Twitter. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene tsiku lake lonse lathera pa zofuna za abwana, za makasitomala ndi za apabanja amadzibwezera potenga maola a usiku, pamene palibenso womuitana. Ine ndikukhulupirira kuti kwa anthu ambiri nkhani yagona pamenepa, ndipo n'chifukwa chake kudzinena kuti ndinu aulesi kapena osadziletsa sikuthandiza. Njala yokhala ndi nthawi yanuyanu ndi yeniyeni ndipo ndi yoyenera. Vuto lake n'lakuti mukuilipira ndi tulo.

Choncho kwa mlungu umodzi, musanasinthe chilichonse, lembani pa kapepala nthawi imene munafuna kugona, nthawi imene munagonadi, ndi chimene munkachita pakati pa nthawi ziwirizo. Masiku 7 ndi okwanira kukuonetsani komwe kuli gwero. Ena amapeza kuti amachedwa dala pofuna mpumulo, ena amapeza kuti nthawi imangowapulumuka osadziwa, pamene ena amazindikira kuti akuthawa mphindi ija yozimitsa magetsi, chifukwa ndi pamene maganizo a ngongole, a ntchito ya mawa kapena a mkangano wa masana amayamba kuwasautsa.

Ngati kapepalako kaonetsa kuti mukufuna mpumulo, mpumulowo upezereni malo ena m'tsiku, ndipo muutetezere ngati mmene mumatetezera nthawi yolowera ntchito. Mphindi 30 kapena 40 mukangoweruka, kapena mukangotha kudya chakudya chamadzulo, zingakhale zanu zowerenga buku, zocheza ndi mnzanu, zoyenda pang'ono, ngakhale zoonera kanema yemweyo amene mumamuonera pakati pa usiku. Muwauze a m'nyumba mwanu momveka bwino kuti nthawi imeneyo musaitanidwe pokhapokha patagwa zadzidzidzi. Anthu ambiri amadumpha mfundo imeneyi n'kuthamangira kubisa foni, koma munthu amene walandidwa chisangalalo chake chokhacho popanda kupatsidwa china amapirira masiku ochepa basi, kenako n'kubwerera ku zakale.

Mukatero, sankhani nthawi yodzuka imene mungaisunge tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo. Mu 2015, mabungwe a akatswiri a za tulo a ku America, American Academy of Sleep Medicine ndi Sleep Research Society, anagwirizana kuti munthu wamkulu azigona maola osachepera 7 usiku uliwonse. Ngati mumadzuka 5:30 m'mawa, magetsi ayenera kuzima pofika 10:30 usiku. Koma ngati mwakhala mukugona 1 koloko kwa miyezi yambiri, musadumphe maola onsewo tsiku limodzi, chifukwa m'thupi muli wotchi yake imene imazolowera pang'onopang'ono, ndipo kutatsala maola ochepa kuti nthawi imene munazolowera kugona ikwane, wotchi imeneyi imachititsa munthu kukhala maso gwa ngakhale atatopa. Ndi bwino kufulumiza ndi mphindi 15 kapena 20, n'kukhazikika pamenepo masiku awiri kapena atatu musanafulumizenso. Wotchi ya m'thupiyi imatsatira kwambiri kuwala, kotero mukangodzuka tsegulani makatani kapena tulukani panja kuti maso aone kuwala kwa m'mawa, ndipo madzulo chepetsani magetsi owala kwambiri kuti melatonin, homoni imene imauza thupi kuti kwada, ituluke pa nthawi yake.

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonse ndi yakuti chisankho chogona chipangidwe mutu usanatope. Pofika 11 koloko usiku, ubongo umakhala wofooka moti ngakhale kunyamuka kukatsuka mano kumaoneka ngati phiri, ndipo munthu amasankha kukhalabe pomwe ali chifukwa ndiko kosavuta. Tcherani alamu ina yamadzulo, yolira kutatsala ola limodzi kuti mugone, ndipo ikangolira chitani zonse zimene zimakutsekerezani njira yopita kukagona: kusamba, kutsuka mano, kuvala zogonera, kukonza zovala za mawa ndi kukhoma zitseko. Mukadzakhalanso pansi, chotsala chikhale kungolowa m'zofunda. Katswiri wa za maganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti cholinga chimatheka mosavuta chikamangiriridwa ku chochitika chodziwika, choncho m'malo mongonena kuti mugona msanga, nenani kuti alamu ya 9:30 ikalira, foni ipita pa chaja ndipo inu mupita kukasamba.

Za foni ndiyenera kunena mosabisa. Mu 2017, Reed Hastings, amene panthawiyo anali mkulu wa Netflix, kampani yoonetsa makanema pa intaneti, ananena poyera kuti kampani yawo ikupikisana ndi tulo. Makanema amene amadziyambitsa okha wina akangotha, ndi masamba a Facebook kapena TikTok amene alibe pothera, anapangidwa kuti musapeze poimira, ndipo munthu wotopa sangalimbane nawo ndi mtima wokha. Zimitsani kudziyambitsa kwa makanemako, ndipo chaja muiike kunja kwa chipinda chogona, kapena patali moti simungaifikire mutagona. Ngati mumadalira foni kuti ikudzutseni, pezani wotchi wamba ya alamu. Ambiri amada nkhawa ndi kuwala kwa foni, koma ine ndimaona kuti chosokoneza kwambiri ndi zimene zili m'fonimo: uthenga umodzi wokwiyitsa kapena nkhani imodzi yochititsa mantha imatha kuthamangitsa tulo kwa ola lathunthu.

Khofi nayenso ali ndi mbali yake. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumachuluka chinthu chotchedwa adenosine chimene chimabweretsa tulo, ndipo caffeine wa mu khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu amatseka malo amene chinthucho chimagwirira ntchito. Pamatenga pafupifupi maola 5 kuti theka la caffeine lichoke m'thupi. Kafukufuku wa Christopher Drake ndi anzake wa mu 2013 anapeza kuti mamiligalamu 400 a caffeine, omwedwa kutatsala maola 6 kuti munthu agone, anachepetsa tulo ndi nthawi yoposa ola limodzi. Kapu yomaliza ikhale ya masana, ndipo ngati mufuna kugonako masana, musapitirire mphindi 20 kapena 30.

Kwa amene amathawa maganizo, pepala ndi cholembera zimathandiza kuposa mmene zimaonekera. Mu 2018, Michael Scullin wa ku yunivesite ya Baylor ku America anapeza kuti anthu amene anatenga mphindi 5 kulemba ntchito zimene zikuwadikira m'masiku otsatira anagona msanga kuposa amene analemba ntchito zimene anamaliza kale. Lembani mwatsatanetsatane, mwachitsanzo kuti mawa 8 koloko muimbira uje foni ndipo masana mukalipira bilu yakuti, kenako tsekani kopelo n'kulisiya patebulo. Ngati mwagona koma padutsa mphindi pafupifupi 20 tulo osabwera, dzukani mukakhale pamalo ena a kuwala kochepa, muwerenge kanthu kosasautsa mtima (kopanda foni), ndipo mubwerere pokhapokha zikope zitayambanso kulemera, kuti thupi lisazolowere kuona bedi ngati malo otembenukatembenuka.

Mwina mukuganiza kuti thupi lanu linazolowera maola 5 kapena 6. Mu 2003, Hans Van Dongen ndi anzake ku yunivesite ya Pennsylvania anagoneka anthu maola 6 okha usiku uliwonse kwa masiku 14, ndipo luso lawo lokhala tcheru linatsika tsiku ndi tsiku mpaka kufanana ndi la munthu amene sanagone n'komwe usiku umodzi kapena uwiri, koma eniakewo ankangodzimva kuti ali ndi tulo pang'ono chabe. Ofufuza a ku Australia anapezanso kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, zimene woyendetsa galimoto aliyense ayenera kuziganizira mofatsa.

Tsiku lina mudzaphonya, pena chifukwa cha alendo, pena chifukwa cha mpira umene watha mochedwa. Zikatero dzukanibe pa nthawi yanu ya masiku onse, pirirani kutopa kwa tsikulo, ndipo madzulo tulo tidzabwera tokha pa nthawi yoyenera. Mukagona mpaka dzuwa litakwera pofuna kubweza, wotchi ya m'thupi imabwerera kumene inali. Koma ngati mukupita kukagona pa nthawi yake ndipo tulo sitikubwera kwa masiku atatu kapena kuposerapo pa mlungu kwa miyezi itatu, ngati amene mumagona naye akunena kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika, kapena ngati kuchezerako kukuyendera limodzi ndi chisoni chosatha ndi kutaya chidwi pa zimene munkakonda, pitani kuchipatala mukaonane ndi dokotala, ndipo kapepala kaja ka masiku 7 mukatenge kuti akaone mmene usiku wanu umayendera.