Wizard akamaposa anzake onse pa tebulo, chepetsani long rest

Inu amene mumayendetsa gemu ya Dungeons & Dragons 5e (edition yachisanu), gulu likadutsa levulo 10 muona wizard kapena cleric (oponya matsenga) akumaliza ndewu ndi spell imodzi yokha, fighter n'kumangoonerera. Musathamangire kudula mphamvu za wizard kapena cleric, osewera amanyansidwa nazo zimenezo. Vuto nthawi zambiri limakhala kupumula. Mukamapereka long rest (kupumula kwakutali mu gemu) ndewu iliyonse ikangotha ndiye kuti ma spell slot (mipata yoponyera ma spell) onse abwerera, basi wizard amangowotcha zikuluzikulu osaopa kanthu.

Ikani ndewu zingapo long rest isanafike, Dungeon Master's Guide ya 2014 imawerengera ndewu 6 mpaka 8 pa tsiku la mu gemu koma ine ndimaona kuti 4 zolimba zimakwana ndithu. Pakati pake perekani short rest (kupumula kwakufupi), chifukwa Action Surge ya fighter (mphamvu yochita action yowonjezera) imabwerera pomwepo pamene wizard amangopezako ma slot ochepa. Muikenso chowathamangitsa, mwina mwana wa mfumu aphedwa kukacha, kuti asamagone paliponse.

Adaninso akhale ochenjera, oponya mivi alunjike amene wagwira concentration (kusunga spell kuti ipitirire), iyeyo akalasidwa ayenera kuponya dayisi ya Constitution save n'kufika 10, kapena theka la damage ngati thekalo laposa 10, akalephera spell ija yazima pompo.