Kuphunzitsa ofufuza za khansa ongoyamba kumene m'magulu

Gulu likhale la anthu asanu: dokotala, namwino, woyeza minofu ku labotale, wosanthula manambala ndi wocheza ndi odwala. Apatseni funso limodzi lokha, monga chifukwa chimene amayi opezeka ndi vuto pa VIA (kuyeza khomo la chiberekero popakapo viniga) sabwerera kudzalandira chithandizo cha khomo la chiberekero. Azikumana sabata iliyonse, ndipo aliyense azifotokoza ntchito ya mnzake, osati yake.

Musanalembe wodwala woyamba, pezani chilolezo ku komiti yowunika kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC kapena COMREC. Gwirizananinso msanga mayina odzalembedwa pa lipoti, chifukwa mikangano imayambira pamenepo.

Posokonekera kwambiri ndi pa nambala za odwala. Fomu ikakhala ndi nambala ina, botolo la formalin (mankhwala osungira minofu yokayezedwa) ina, zotsatira za biopsy (kuyeza kachidutswa ka mnofu wa wodwala) zimasowa mwini. Wosanthula manambala aone fomuyo isanasindikizidwe.