Zocita ngati firewall ikukutsekerezani kulowa pa seva ya ku Blantyre

Malangizo awa ndi a inu amene mumayang'anira seva ya ofesi ya ku Blantyre muli ku Chipata kapena ku Lusaka.

Musanasinthe ciliconse, werengani uthenga umene kompyuta yabweza. Ikalemba kuti "Connection refused", seva yayankha ndithu, koma kawirikawiri palibe pulogalamu imene ikudikira pa port (nambala ya khomo lolowera pa seva) imene mwayesayo. Ikangokhala duu kwa kanthawi, kenako n'kulemba "Connection timed out", kaikirani firewall, mlonda amene amasankha zolowa pa netiweki, pakuti imataya mapaketi (tizigawo ta uthenga) mwakacetecete. Komabe yambani mwaimbira foni mnzanu wa ku ofesiko aone ngati malaiti alipo. Seva yozima imabweretsanso uthenga womwewo.

Ping, lamulo loyesera ngati seva ikuyankha, musaidalire kwambiri. Imayendera mtundu wa mauthenga wochedwa ICMP, umene ma firewall ambiri amatseka ngakhale zonse zili bwinobwino. Yesani port yeniyeni ya njira imene mumalowera pa seva muli kutali: SSH ndi 22, Remote Desktop ndi 3389, WinRM ndi 5985 kapena 5986. Mu PowerShell, polembera malamulo pa Windows, lembani Test-NetConnection, adiresi ya seva, kenako -Port 3389. Mukaona False pa TcpTestSucceeded, njira ndi yotseka.

Kutsekula kwake kumafuna munthu wokhala pa seva pomwepo. Pa Ubuntu alembe sudo ufw status kuti aone malamulo amene alipo, ndipo ngati 22 palibe, alembe sudo ufw allow 22/tcp. Ambiri amadzitsekera okha panja poyatsa ufw, firewall ya Ubuntu, asanalole SSH. Pa makina amene firewall yake ndi firewalld, lamulo ndi firewall-cmd --permanent --add-service=ssh, kenako firewall-cmd --reload. Mukasiya --permanent, lamulolo lidzafufutika mukangolemba --reload, kapena seva ikadzazima n'kuyakanso.

Pa Windows pali msampha wina. Windows imagawa ma netiweki m'magulu atatu, ndipo lamulo lingakhale loyatsa pa Domain kapena Private pokha, pamene netiweki yalembedwa kuti Public. Tsekulani wf.msc, pokonzera firewall ya Windows, pitani pa Inbound Rules, muone mbali imene lamulo la Remote Desktop likugwira nchito.

Zonsezi zikakhala bwino koma mukulepherabe, onani rauta ya ku ofesi ngati ikutumiza port imeneyo ku adiresi yoyenera ya seva.

Musazimitse firewall yonse pofuna kufulumira, ndiponso 3389 musaisiye yotsekula kwa aliyense pa intaneti. Lolani adiresi ya ofesi yanu yokha, kapena dzerani pa VPN, njira yobisika yolowera mu netiweki ya ofesi. Mukalowa n'kuyamba kusintha malamulo, windo imene mwalowera musaitseke mpaka mutayesa kulowanso pa windo ina.